Anatseka Sitolo Mawu a Mkazi Wanga Ali M'kati

Ndinagwira ukalaliki m'kaundula wa boma ku Zomba mpaka kupuma, ndipo ntchitoyo inandiphunzitsa kuti munthu amakana koma pepala silikana. N'chifukwa chake sinditaya pepala. Tikiti ya basi, kalata ya kuchipatala, lisiti ya nsapato, zonse ndimaziboola pakona n'kuzimanga ndi chingwe m'fayilo. Mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi ndipo ndiye anatitenga ine ndi amayi ake kudzakhala naye ku Bolton, tauni ya kutsidya kwa nyanja, amati nyumba yake ndaisandutsa ofesi ya boma. Anene. Fayilo imene ndaitsegula lero ndi yobiriwira. Ndi ya sitolo ina yogulitsa magemu a pa TV imene inali mumsewu waukulu wa m'tauni, nthambi ya kampani yomwe inali ndi masitolo m'mizinda yonse kuno. Dzina lake sinditchula. Sikuti ndikuwaopa, ndikungokana kuwatsatsira malonda ulere.

Makina a magemu anagula m'sitolo imeneyo ndi mkamwini wanga, kugulira mdzukulu wathu wamkazi pa Khirisimasi. Ine ndinalibe nawo ntchito. Changa chinali kuumirira kuti agulenso galanti yowonjezera, ija yoti makina akawonongeka sitolo idzawakonza, ndipo pepala lake ndinasunga ndine. Nambala ya makinawo, imene imakhala pa kapepala komata kumbuyo, ndinaikopera m'kabuku kanga tsiku lomwelo.

Amene anawakonda makinawo ndi mkazi wanga. Munali gemu yoimba, ya maikolofoni awiri ndi kakamera koika pamwamba pa TV. Nyimbo ya Chingelezi imalira, mawu ake n'kumayenda pansi pa sikirini, iwe n'kumatsatira, pamapeto makina n'kukupatsa malikisi. Mayi sankatsatira zimenezo. Ankatsitsa TV mpaka zii, n'kugwira maikolofoni ndi manja awiri, n'kuyamba nyimbo za amayi a mpingo wa kwathu ku Ntcheu. Iwo ankatsogolera, mdzukulu n'kumavomera, ngakhale mwanayo Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chingelezi. Makina ankawapatsa malikisi ochepa nthawi zonse.

"Kamwano kameneka," ankatero mayi akuloza TV. "Ine ndinayamba kwaya iwe usanapangidwe."

Kakamera kaja kankajambula, mdzukulu n'kumasunga makanemawo m'makina momwemo. Anakwana khumi ndi anayi.

Mayi anadwala miyezi inayi n'kumwalira m'chipatala chomwe mwana wathu amagwira ntchito. Thupi tinalitengera kumudzi. Titabwerako palibe anakhudza makinawo, mpaka nthawi ya chiliza itayandikira. Mlamu wanga, mng'ono wa malemu, anandiimbira foni.

"Alamu, tamva kuti achemwali anasiya mawu m'wailesi kumeneko. Pobwera ku chiliza mutitengere, timveko."

Ndinalonjeza. M'mafoni a ana munali zithunzi zambiri za mayi, koma kuimba kwawo kunalibe kwina kulikonse. Kunali m'makina aja basi.

Loweruka lina tinasonkhana pabalaza kuti tikopere makanemawo pa fulashi. Mkamwini atayatsa, kanyali kanaphethira, makina analira katatu n'kuzima. Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Adadi, vuto ili ndi lodziwika," anatero mkamwini. "Kumsika kuli mkulu wina wokonza mafoni. Amatsegula, kuwomba m'kati ndi mpweya wotentha, makina amadzuka ola limodzi kapena awiri. Ola limodzi likutikwanira, tikopera zonse."

"Atsegule? Apongozi, mwawerenga zimene zalembedwa pa kapepala aka? Akangokang'amba, galanti yatha."

"Galanti tichite nayo chiyani, adadi? Tikufuna amami, osati makina."

"Munthu wa pamsika alibe sitampa, alibe lisiti. Akawotcha zonse tikamudandaula kwa yani?"

Mwana wanga anali atangobwera kuntchito, yunifomu ikadali m'thupi. "Adadi, kamodzi kokha mverani munthu wina," anatero.

Sindinamvere. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa fayilo yabwino sibisa pepala loipa.

Lolemba ndinakulunga makinawo m'chitenje cha mayi n'kukwera basi. Ndikukumbukira bwino mmene sitoloyo inkaonekera. Pamagalasi panali zikwangwani zakuti zonse zatsika mtengo, mashelefu ena anali opanda kanthu, ndipo ndinamva wogulitsa akuuza munthu kuti gemu yatsopano imene ankafuna sinabwere ndipo sakudziwa ngati ibwera. Ine ndinangoti ndi malonda a nyengo. Akuluakulu a kampani, kulikonse kumene anakhala, ankadziwa kuti denga likugwa. Ankadziwa, koma sanauze antchito awo kuti asiye kulandira katundu wa anthu.

Manijala anali mtsikana wa tsitsi lofiira, wa ndolo pamphuno. Anadzaza pepala lachikasu n'kundipatsa kuti ndisaine. Ndinavala magalasi n'kulitembenuza. Kumbuyo, m'timalemba tating'ono, munali mzere wakuti zosungidwa m'makina zingathe kufufutidwa pokonza. Ndinaika cholembera pansi n'kumufotokozera zonse, za mayi, za nyimbo, za chiliza. Anamvetsera mpaka kumapeto, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga. Kenako analemba ndi dzanja lake pa pepala lachikasu lija kuti makina awa asafufutidwe, muli mawu a munthu womwalira, ndipo mwini wake aimbiridwe foni chilichonse chisanachitike. Anasaina, anadinda sitampa. Analembanso mawu omwewo pa pepala lina n'kulimata pamakina ndi selotepi ine ndikuona. Anati masabata awiri. Mtsikana ameneyo sindimusungira kanthu kukhosi.

Ndinafika kunyumba n'kuonetsa mkamwini pepalalo. "Mwaona, apongozi? Sitampa."

Anayang'ana pepalalo n'kundibwezera.

Patapita masiku asanu ndi anayi ndinati ndikangofunsa. Ndinapeza chitseko chachitsulo chitatsitsidwa mpaka pansi, masana enieni, tsiku la ntchito. Pagalasi la pambali anamatapo pepala limodzi. Ndinalikopera lonse m'kabuku nditaima pamvula. Linati kampani yagwa, ili m'manja mwa anthu amene amayendetsa makampani akagwa, nthambi iyi yatsekedwa, wofuna kufunsa alembe kalata ku adiresi yakutiyakuti. Panalibe pepani. Panalibe dzina la munthu.

Kwathu telala akamasamuka pakhonde la golosale amayamba wabweza nsalu za anthu, zosokedwa ndi zosasokedwa zomwe. Mlendo wogona usiku umodzi amatsanzika. Awa anakhala mumsewu umenewo zaka zambiri, ana a m'tauni yonse anakulira pakhomo pawo, n'kuchoka ngati akuba mbuzi.

Ndinasuzumira pampata. M'kati munali ngolo zazitali zawaya, zodzaza makatoni. Makina anga anali m'menemo, mikono yochepa kuchokera pamene ndinaima, ndipo panalibe munthu woti ndimuuze.

Manijala uja ndinamupeza pamalo odikirira basi, atavalabe malaya a kampani. Anandiuza kuti anawauza m'mawa womwewo pa foni, onse nthawi imodzi, kuti ntchito yatha. Kenako kunabwera munthu wachilendo, anawalamula kulongedza zonse m'ngolo, anatenga makiyi.

"Ndinamuuza za makina anu," anatero akupukuta maso. "Anati zonse zilowe m'ngolo, kosankha ndi kutsogolo. Pepala lija lili pomwepo, ndinawonjezera selotepi."

Ndinalemba makalata asanu ndi awiri, ndipo makope ake onse ali m'fayilomu pamodzi ndi malisiti a kupositi. Yankho loyamba linabwera ndi fomu yofunsa mtengo wa katundu wanga. Ndinalemba kuti alibe mtengo, n'kufotokoza chifukwa chake pa pepala lapadera. Anaibweza, ati sinadzazidwe bwino. Ndinaimba foni. Anandiimbira nyimbo, n'kundiuza kuti ndidinde wani, ndidinde folo, ndidikire. Pamapeto anayankha munthu wa mawu osalala.

"Bambo, ndikumvetsa kukhumudwa kwanu."

"Mkazi wanu ali moyo?"

"Sindinakwatire, bambo."

"Ndiye simukumvetsa. Tangolembani zimene ndikukuuzanizi."

Anati walemba. Ndinamufunsa nambala ya nkhani yanga, anandipatsa. Nditaimbanso sabata yotsatira, munthu wina anati nambala imeneyo kulibe.

Kenako kampaniyo inagulidwa ndi anthu ena. Masitolo otsala anapitiriza malonda, dzina lomwelo, utoto womwewo, malaya omwewo. Ya ku Bolton sinatsegulidwenso. Eni atsopanowo anandilembera kalata ya mizere inayi, kuti iwo ndi kampani ina, za kampani yakale sizikuwakhudza. Njoka yafundula, ndiye ikuti inakuluma ija ndi khungu lili apolo.

Amene anandithandiza ndi manijala wochotsedwa ntchito uja. Anali atalemba nambala ya foni yanga m'manja mwake tsiku lotseka lija. Anandiimbira kundiuza zimene anamva kwa mnzake, kuti ngolo zonse zinapita kunyumba yaikulu yosungira katundu, ndipo makina akale akuwagawa m'masitolo otsala kuti agulitsidwe ngati ogwiritsidwapo kale.

"Yanu mwina sanaikhudze," anatero. "Fufuzani m'makabati a zakale. Fulumirani."

Ndinachita mmene timachitira ndi uthenga wa maliro. Lamulungu, mu holo imene timabwereka popemphera, nthawi ya zolengeza ndinaimirira. Ndinali nditalemba nambala ya makinawo pa timapepala makumi anayi, ndi dzanja, m'malemba akuluakulu. Ndinafotokoza nkhani yonse n'kugawa. Madzulo ndinaimbira akulu a mpingo ku Liverpool, ku Hull ndi kwina kumene kuli anthu athu, aliyense n'kumuwerengera nambalayo kawiri, iye n'kundibwerezera. Ndinawapempha kuti aliyense wodutsa pa sitolo ya kampaniyo alowe, apemphe kuona kumbuyo kwa makina akale onse a mtundu umenewo.

Ena anaseka. Ndinamva mayi wina pakhomo la holo akunong'oneza mnzake kuti agogo ayamba magemu ukalamba uno. Koma anthu anayenda. Manesi ochokera kuntchito, maso ali psuu ndi tulo, ankaima m'masitolo kutembenuza makina. Ku Liverpool mkulu wina wa mpingo, munthu wa digiri ziwiri, mlonda anamutsatira mpaka pamsewu kumufunsa chimene ankalemba. Anthu osalipidwa anagwira ntchito imene kampani yonse ndi makompyuta ake inati singatheke.

Sabata yachitatu foni inalira. Anali mayi wina wa ku Zambia, wogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Hull, munthu amene sindinamuonepo, amene anamva nkhaniyo ku mpingo.

"Atate, naipeza mashini yanu! Manambala yothera ni yamene aya."

"Mayi, werengani yonse, osati yothera yokha."

Anawerenga, ine chala chili pa kabuku. Inagwirizana mpaka chilembo chomaliza.

"Nauza mwamuna wa pa kauntala asagulise," anatero. "Akagulisa azaniona."

M'mawa mwake tinakwera sitima, ine ndi mkamwini, amene anapempha tchuthi kuntchito popanda ine kumuuza. Tinasintha sitima ku Manchester. Ulendo wonse fayilo inali pamiyendo panga ndipo sitinalankhule zambiri. Mayi wa ku Zambia uja tinamupeza atatidikira pakhomo la sitolo.

Makina anali m'kabati yagalasi, atakulungidwa m'pulasitiki, atamatidwa mtengo. Ndinawazindikira ndisanaone n'komwe nambala. Pamwamba panali zipsera zinayi za selotepi, pamene panali pepala la mtsikana uja. Munthu wina anagwira pepala limenelo ndi zala zake n'kulimatula. Kaya analiwerenga kaya sanaliwerenge, zonse ziwiri ndi mlandu.

Manijala wa kumeneko anali mwamuna wandevu. Ndinayala mapepala pa kauntala mwa ndondomeko yake: galanti, pepala lachikasu, mawu a pagalasi, makalata, mayankho. Anawerenga, anakanda ndevu, analowa m'kachipinda kukaimba foni. Atabwerako anati katunduyu ndi wa sitolo, anabwera mwalamulo kuchokera kosungira katundu, sangandipatse, koma angathe kunditsitsira mtengo.

"Mundigulitse katundu wanga?"

"Bambo, ine ndikungotsata zimene andiuza."

"Amene anamatula pepala apa nayenso ankangotsata."

Mkamwini anali atatulutsa kale khadi lake la kubanki. Ndinamugwira dzanja. Anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo chikwatirire mwana wanga.

"Adadi, lero lokha. Chonde. Ndisiyeni."

Ndinamusiya dzanja. Koma ndinauza wandevuyo kuti asanalandire kanthu ayambe wayatsa makinawo tione. Anavomera. Anang'amba pulasitiki n'kulumikiza ku TV ya m'sitolo. Kanyali kanayaka, sikanazime. Anawakonza ndithu. Ndinasendera pafupi ndi TV.

Pa sikirini panabwera mawu opempha kuti tisankhe chilankhulo. Kenako kuti tiike tsiku ndi nthawi. Ine sindinadziwe tanthauzo lake, koma ndinaona nkhope ya mkamwini. Anatenga chowongolera n'kulowa paliponse pamene makanema ankakhala. Analowanso kachiwiri. Munali mbee, ngati nyumba imene asesa anthu atasamuka.

"Makina onse akale timawafufuta tisanagulitse," anatero wandevu uja. "Ndi lamulo la kampani, kuteteza zinsinsi za makasitomala."

Anandiuza zimenezo m'maso muli gwa. Anateteza zinsinsi za mkazi wanga kwa ine mwamuna wake.

Mayi wa ku Zambia anayamba kulira mokweza, anthu m'sitolo n'kusiya zimene ankachita. Ine sindinalire. Ndinatulutsa pepala loyera m'fayilo n'kuuza wandevuyo kuti alembe kuti makina a nambala yakutiyakuti apezeka m'sitolo yake, ali pamalonda, atafufutidwa, ndipo asaine. Anayang'ana mayi wolirayo, anayang'ana mzere wa anthu, n'kulemba. Atamaliza anati ndingowatenga makinawo ulere, adzayankha yekha kwa akuluakulu ake. Ndinamuuza kuti chimene ndinabweretsa kusitolo kwawo si chimenecho, ndipo ndinawasiya pa kauntala pomwepo. Ndinafunsa za chitenje cha mayi chimene ndinakulungira. Sanadziwe kuti ndikunena chiyani.

M'sitima pobwerera mkamwini anandigulira tiyi. Tinadutsa masiteshoni awiri tiyi ali m'manja mwanga.

"Apongozi," ndinatero, "munanena."

"Imwani tiyi, adadi, azizira."

Mpaka lero sanabwerezepo nkhaniyo. Mwana wanga yekha ndiye anandikalipira, usana wonse wa Loweruka, ndipo anali ndi ufulu wonse. Pambuyo pake anafunsa katswiri wina ngati makanema ofufutidwa motero angabwezedwe. Anati pa makina a mtundu umenewo n'zosatheka.

Ku chiliza ndinapita wopanda kanthu m'manja. Mwambo wa kumanda utatha, anthu atakhala pabwalo, mlamu wanga anandifunsa pamaso pa onse, "Alamu, mawu a achemwali aja?" Ndinaimirira n'kunena zoona zonse, kuyambira pa munthu wa pamsika amene ndinamukana. Sindinabise mbali yanga. Kenako mwana wanga anakankha mdzukulu kuti aimirire aimbe imodzi mwa nyimbo zija. Mwanayo anaimirira, koma sanathe kuyamba. Ankadziwa mbali yovomera yokha, chifukwa yotsogolera inali ya agogo ake. Anaima akudikira munthu woti ayambitse. Mlamu wanga anazindikira n'kuyambitsa, mwana anavomera, amayi onse analowa.

Anthu anati zakwana, mawu a malemu abwera ndithu. Ndinawathokoza, chifukwa ndi ulemu. Koma sizinakwane. Mlamu wanga ali ndi mawu ake, okwera kuposa a mkulu wake, ndipo sapumira pakati pa mzere mmene mayi ankachitira chifuwa chitayamba kuwavuta. Kupumira kumeneko kunali m'makanema khumi ndi anayi aja. Ndinali nako m'manja mwanga, ndinakwera nako basi, ndinakapereka pa kauntala, ndinalandira sitampa.

Pamalo pamene panali sitoloyo ku Bolton panakhala pabwinja nthawi yaitali, kenako panatsegulidwa pobetchera mpira. Ndikamadutsa ndimaoloka msewu. Zaka zingapo pambuyo pake mwana wanga anandionetsa pa foni kuti kampani ija ikutsekanso masitolo ena. Anayembekeza kuti ndisangalala. Ndinangoganiza za atsikana ena a ndolo pamphuno amene adzauzidwe pa foni m'mawa, ndi za munthu wina amene dzulo lake anasiya kanthu kake pa kauntala. Akuluakulu aja sadzaima pamvula kukopera pepala.

M'kaundula, nkhani ikatha tinkalemba pachikuto kuti yatsekedwa, n'kusaina, fayilo n'kupita kumashelefu a pansi. Fayilo yobiriwirayi sindinalembepo. Kampani yakale kulibe, yatsopano ikukana, wandevu uja analemba zimene ndinamuuza, ndipo palibe aliyense wa iwo amene ananena kuti analakwa. M'fayilo yonseyi, munthu mmodzi yekha ndiye wavomera mlandu wake, ndipo ndi ine.